Bola ya Chitsulo Yotsala M'munda mwa a Filipe

Matundo, Tete
Mwezi wa Marso

Achimwene a Armindo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Lifidzi, inu ndi alamu ndi ana. Kodi amayi mwendo uja ukuwalola kupita kumunda? Nanga chifuwa chija munabwera nacho ku maliro chinatha? Ine ndilipo. Ndayambanso ntchito ku bibiliyoteka, chipinda cha mabuku cha pa shikola, ngakhale kuti ndikatsegula buku ndimangoyang'ana mzere umodzi mpaka belu kulira. Kuno dzuwa silinafooke, ndipo m'mutu mometamu likuwotcha ngakhale nditavala duku.

Ku maliro ku Kalomwe munandifunsa mmene alamu anu a Cassimiro anafera. Anthu anauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto m'phiri. Si bodza, koma si zokhazo. Ine ndinalipo, ndipo lero ndikuuzani chifukwa pali chinthu chimene ndikufuna mundichitire.

Mukulidziwa gulu lawo lija la kuno ku Tete, la anthu a magalimoto akuluakulu amene amakwera mapiri a kwathu kongosangalala. Tsikulo tinali m'kanjira ka kuseri kwa phiri la Domwe, magalimoto atatsogozana. Mvula inali itagwa m'mawa. Titafika pa dambo la m'munsi mwa munda wa nyemba wa bambo wina, a Filipe, galimoto yathu inatitimira mpaka m'mimba.

A Cassimiro sanade nkhawa, zoterezi ankazikonda. Anandiuza kuti nditsike ndikaime patali pansi pa msuku, monga ankauzira aliyense. Pa gulu lonselo iwo ndiwo ankavuta ndi malamulo. Ankati poyamba muzikumba matope kutsogolo kwa matayala, ndipo pa sinta, lamba wokokera galimoto uja, muziyala bulangete lolemera kuti ikaduka igwe pansi. Koma chimene ankabwereza kwambiri n'chakuti sinta isamakoledwe pa bola. Bola ndi chitsulo chobulungira chija cha kumbuyo kwa galimoto, chokokera ngolo. Ankati chimenecho chikagwedezedwa mwamphamvu chimathyoka n'kuuluka ngati chipolopolo. Chifukwa cha maulaliki amenewa anzawo anawatcha Katekista.

A Romano, mkulu wa gululo, anabweza galimoto yawo kuti atikoke. A Cassimiro anamanga mbali yawo pa ngowe yake yeniyeni n'kukwera kukagwira chiwongolero. Mbali inayo anamanga a Romano. Ndinamva amuna anga akufunsa pa zenera kuti akola pati. A Romano anayankha kuti Katekista asunge ulaliki wa Lamulungu, lero ndi Loweruka. Anthu anaseka. Atafunsa za bulangete, wina anati azimayi alikhalira, ndipo ngati Katekista akulifuna apite akawadzutse yekha. Anasekanso.

Ambiri anali atakweza mafoni kuti ajambule matope akuthovoka. A Romano anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti sinta ikhwefuke, kenaka anaponda mafuta. Ndinamva kulira ngati kwa mfuti. Bola ya galimoto yawo inathyoka, inalowa pa galasi lathu la kutsogolo n'kutulukira la kumbuyo. Panjira pake panali nkhope ya amuna anga. Pofika ku chipatala ku Ulongwe anali atazizira kale.

Mpaka lero a Romano sananenepo kuti anakola pa bola. Kwa ena amati sinta inali yakutha. Kwa ena amati munthu wophunzitsa anzake akanatsika kukaona yekha. Akazi awo anabwera kudzandipepesa, ndipo potsanzika anafunsa ngati wailesi yolankhulirana ya gulu inatsalira m'galimoto mwathu, poti ikufunika pa ulendo wina. Ndinakawatengera. Inali pansi pa mpando, pakati pa magalasi osweka.

Kanema wa tsikulo akuyenda m'mafoni. Mnzanga wa kuntchito anamuonera mpaka kumapeto asanadziwe kuti ndi amuna anga, ndipo tsopano akandiona amalambalala. Chonde, foni ya munthu wina aliyense isafike m'manja mwa amayi.

Sabata yatha a Romano anabwera okha, atavala malaya osindikizidwa nkhope ya a Cassimiro, pansi pake atalembapo Katekista. Anandibweretsera anga. Anati Loweruka la pambuyo pa Pasaka gulu lonse likwera ku Domwe kukakumbukira mnzawo. Akamanga chipilala cha simenti pa dambo paja, pamwamba pake akamatapo bola ija kuti ikhale phunziro kwa odutsa, kenaka akaotcha nyama. Ine akuti andisungira malo aulemu, mpando wa kutsogolo m'galimoto mwawo. Ananena zimenezi misozi ili m'maso, ndipo ndikukhulupirira kuti iwo akuona ngati akundichitira zabwino.

Bolayo ili kwa a Filipe. Anaitola popalira nyemba, ndipo anauza a Romano pa foni kuti anaikulunga m'thumba osaitsuka, poti anaona zimene zinamatirirapo ndipo si iwo oyenera kuzigwira. A Romano pondifotokozera anangoti akaitsuka ndi petulo n'kuipaka utoto. Achimwene, pa chitsulo chimenecho pali magazi ndi tsitsi la munthu amene tinamuika ku Kalomwe. Kwathu chotsala cha munthu sichikhala pamtunda kuti anthu azijambulitsa nacho atagwira mabotolo. Chimatsatira mwini wake.

Pempho langa ndi ili. Pasaka isanafike mukwere njinga mupite ku Domwe. Mukafunsa za munda wa pamene panafera munthu wa ku Tete, aliyense akulozerani. Mukawauze a Filipe kuti wakutumani ndi mkazi wa malemu, ndipo mukawathokoze m'malo mwanga. Thumbalo musalitsegule, musalowe nalo pakhomo pa amayi, ndipo musanditumizire. Mukalipereke kwa atsibweni a malemu, akalikwirire ku manda monga adziwira iwo. Gulu likadzafika lidzamange chipilala chake, koma pamwamba pake padzakhale popanda kanthu.

Ine ku ulendowo sindipita. Ndinawauza a Romano kuti thupi silikundilola, iwo anati ndisadandaule, adzanditumizira zithunzi.

Mukakhala ku Domweko muwachenjezenso a Filipe. Mvula sinathe, dambo lija likadali lonyowa, ndipo wina adzatitimiranso. Tsiku la chikumbutsolo banja lawo lisadzatsikire kukaonerera, ngakhale ataitanidwa ku nyama. Pamene a Romano ankatuluka pa chipata ndinayang'ana kumbuyo kwa galimoto yawo. Aikapo bola ina, yonyezimira.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya. Moni kwa alamu, kwa azakhali a ku Ulongwe ndi kwa ana onse. Mukachita zimene ndakupemphani zija mungondiimbira n'kunena kuti zatheka, ndidzamva.

Ndine mlongo wanu,
Ercília