Sewero Losowa Yudasi

Lolemba, 10 Malichi
Sewero la masautso a Ambuye ndalimaliza. Zaka zitatu, makope anayi. Lachisanu Loyera lino tilichita pabwalo la tchalitchi chathu. Yudasi ndiye ndamulemba ndi mtima wonse, mawu ake ine mwini akundiopsa. Mvula tsiku lonse. Mbatatesi zayamba chiwawu.

Lamulungu, 16 Malichi
Kugawana mbali titatuluka m'tchalitchi. Ofuna kukhala Yesu, asanu ndi awiri. Ofuna ungelo, amayi anayi, chonsecho m'seweromo mulibe mngelo. Nditati Yudasi, zii. Aliyense maso pansi ngati wataya singano. Akuti Kizito anachitapo Yudasi zaka zisanu zapitazo, mpaka lero kuchigayo amamuitana dzina lomwelo, ndipo atapikisana nawo pa mpando wa mphakati anapeza voti imodzi, yake yomwe. Ndiye chiyani? Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, kulephera kusiyanitsa sewero ndi moyo. Amantha okhaokha!

Lachinayi, 27 Malichi
A Timoteyo, apampando a tchalitchi, avomera kukhala Pilato, koma akuti ndisinthe, Pilatoyo amumasule Yesu. "Ine ndili ndi mbiri yanga, aphunzitsi." Mbiri! Munthu woti anasuntha malire a munda wa mlongo wake dzuwa likuswa mtengo. A Dorika a kwaya nawo akuti bwanji Yudasi angotchulidwa, asaoneke. Eya, ndiye Yesu adzipereke yekha, adzimange yekha, misomali adzikhome yekha. Zamkutu. Agatha, mkazi wanga, akuti ndingolisiya. Ndisiye zaka zitatu chifukwa cha mbuli?

Lamulungu, 6 Epulo
Kuyeserera. A Yesu awiri alimbirana mkanjo mpaka kung'amba. Mawu a Yudasi ndinawerenga ine, pongotsekera mpata. Nditamaliza, ena anali akupukuta misozi. Kenako a Dorika: "Koma zikukukhalanitu, aphunzitsi. Bwanji inuyo?" Anthu m'manja phwaphwaphwa. Ndinati palibe vuto, ndichita, muone kuti dzina silipha munthu. Ndabwera kunyumba ndikuimba mluzu.

Lachiwiri, 8 Epulo
Agatha sakundilankhula. Ndiwo zopanda mchere, mwadala. Mwana wanga Pilira maso ofiira. Akwawo kwa mnyamata wake, a ku Lobi, akubwera kudzaonekera Pasaka ikangotha. "Bambo, ine ndikakhale mwana wa Yudasi kuukwati moyo wanga wonse?" Ndamuuza kuti zimenezo n'zaumbuli. Wangondiyang'ana.
Madzulo pagolosale wina wakuwa: "A Yudasi, mwaswera bwanji?" Ayamba kale, sewero lisanachitike n'komwe. Ndinaseka nawo. Kenako ndinatuluka msanga, osagula kanthu.

Lachinayi, 10 Epulo
Chifunga, phiri losaoneka. Ndawerenganso kope lachitatu kufuna cholakwika. Mulibe. Zikanakhala bwino chikanapezeka.

Loweruka, 12 Epulo
Ndapita kwa a Timoteyo. Ndawauza kuti sewero silinapse, pali zofunika kukonza, mwina chaka chamawa. Bodza lenileni. Chokonza palibe, chaka chamawacho kulibenso. Anandigwira dzanja ndi manja awiri: "Mwaganiza ngati munthu wamkulu." Kuyamikiridwa ndi Pilato, ine!
Makope ndaika pansi pa sutikesi. Pilira wandiphikira tiyi wamkaka, akuimba. Zikundiwawa, zikundiwawa kwambiri.
Mwezi wathunthu ndakhala ndikuwerenga amantha a m'mudzi muno mmodzimmodzi. Mmodzi yekha ndinkamudumpha, ndi amene akulemba pano.