Kholowa wa Pamchenga

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumene muliko? Kuno ku Yofu, pachilumba pathu pano, tilipo, koma mtima wanga suli m'malo, n'chifukwa chake ndatenga pensulo.

Chikuikireni m'manda, mvula yagwa kawiri kokha. Chinangwa chanu cha kuseri kwa mlambe tinakumba chisanakhwime, ndipo chatha. Mkazi wa achimwene a Yohane anachira, mwana wamkazi, ndipo khandalo linabatizidwa ku tchalitchi ku Chipyela ndi dzina lanu. Kulira kwakenso n'kwa munthu wosafuna kutsutsidwa. Bambo a ana akadali ku Joni, sitima yabwera katatu popanda kalata. Mphepo ya mwera nayo yakanika kuleka, amuna sakulowa m'madzi, ndiwo zasowa.

Ndiye ndinakumbukira njala ija ndili mwana, pamene munkabwera ndi masamba m'lichero, mukuti ndi kholowa wakuthengo. Munkandiitana kuti tikathyole limodzi, ine n'kumati ndachedwa ku sukulu yosoka ya ku mishoni. Inu munkangoti, "Singano njabwino, mwananga, koma sathira mumphika." Ndinkaseka ine.

Lachiwiri lapitali ndinatsikira kugombe m'mamawa. Ndinapeza chomera chitayanga pamchenga ponse, zingwe zake zazitali ngati za khoka, mfundo iliyonse itagwira pansi ndi mizu. Maluwa ake ofiirira, otseguka kukamwa, ofanana ndithu ndi a mbatata. Ndinati ndi yemweyu. Tsamba lake ndi lokhuthala, losalala, logawanika kunsonga ngati chiboda cha mbuzi. Pothyola pankatuluka utomoni woyera womata m'zala. Mbuzi za a Mateyu oyandikana nafe aja, zanjala ngati ife tomwe, zinkadutsa pamenepo osaluma ngakhale tsamba limodzi. Ndinaziona ndi maso angawa, Amayi, koma ndinathyolabe.

Nditaphikira zidzukulu zanu, Petulo analawa n'kukankha mbale, akuti zikuwawa. Ndinamukalipira. Agnesi, poti sakana chilichonse chochokera m'manja mwanga, anadya zonse. Ine sindinadye, ndinkasungira iwowo. Agnesiyo anatsegula m'mimba masiku awiri, mpaka ndinamubereka kumbuyo, wamkulu uja, ulendo wa kuchipatala ku Chipyela. Anamwino atandifunsa chimene mwanayo anadya, ndinamasula tsamba pansonga ya nsalu, ndipo anangondiyang'ana. Manyazi amenewo sanandichokebe. Pano wachira, akuyenda, koma maso alowa m'kati. Ndikamupatsa mbale amayamba wayang'ana nkhope yanga, kenako n'kumadya.

Kuyambira tsiku limenelo sinditha kukhala pansi. Ndikagwira chosoka, ndimachisiya chili pakati. Ndayenda magombe onse, ndipo lero, kupitirira mudzi wa Khuyu, pamalo pamene madzi amatsalira m'matope, ndapeza china. Ichi sichifuna mchenga wouma. Tsinde lake ndi lofewa, lamphako m'kati ngati bango. Tsamba ndi lopyapyala, lalitali, losongoka, losagawanika ayi. Duwa ndi loyererako, lofiirira m'kati mokha. Nsonga zina zinali zolumidwa, ndipo ndowe za mbuzi zinali pomwepo. Mtima ukuti uyu ndiye kholowa wanu uja. Komatu mtima womwewu ndi umene unati "ndi yemweyu" Lachiwiri.

Ndifunse yani? A Esitere, amene munkathyola nawo, anawolokera kutsidya kwa ana awo. Anzanu ena aja a Dorika anakutsatirani Pasaka itangopita, mwina muli nawo pompo. Anzanga a msinkhu wanga ndi a singano okhaokha. Munkakonda kunena kuti safunsa anadya phula. Ine phulalo ndinadyetsa mwana. Kodi munkayang'ana tsinde kapena tsamba? Munkataya madzi oyamba? Mukanangondikoka khutu tsiku limodzi lokha, n'kundikhazika m'matopemo.

Masambawo ali m'lichero pano pamwendo panga, ayamba kufota. M'nyumba mwatsala ufa wa kondowole wa masiku atatu, wopanda chodyera. Mawa m'mawa ndiphika, ndipo ndidya ndekha, ana akuyang'ana. Adzalira, adzati mayi awo ndi womana, ndipo ndidzawasiya anene. Ndauza achimwene a Yohane kuti adzadutse kuno masana kudzandiona, koma chifukwa chake sindinawauze.

Ndikulonjezani, Amayi, zidzukulu zanu sizilawa tsamba limeneli mpaka dzuwa lituluke kawiri ine ndili woimirira.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Luwisa