Makina a chala awalola a Mbewe

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tadzuka, chifuwa chija chinandisiya.

Kuntchito kwathu ku Keko abwana anaika makina odindapo chala tikafika m'mawa, ndipo ntchito yozoloweretsa akalipentala anandipatsa ine. Onse anazolowera kupatula a Mbewe, aja maliro awo tinawatumiza kumudziko mwezi watha. Zala zawo zinali zitasalala ndi sandipepa, moti makinawo ankangowakana. Ndinkawagwira dzanja, kuwapukuta chala, koma ayi ndithu. Iwo ankaseka n'kumati, "Mwanangu, chinthuchi chikuti ine kulibe."

Lolemba ndikusesa, pakhomo palibe munthu, makina anayankhula okha mawu aja othokoza munthu akadinda: "Asante, Mbewe." M'mawa mwake chimodzimodzi, ndipo pagalasi lake panali utuchi. Tsopano anzanga akukana kudindapo, abwana akuti ndiwalimbitse mtima. Ndiwauza chiyani poti nanenso ndikumadutsa chapatali?

Chonde kaonaneni ndi akazi a Mbewe, akawauze kumanda kuti makina aja awalola, apumule tsopano.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Yohane