Bondo la Bambo ndi Mpira wa Madala

Praha

Okondedwa achimwene a Vítek,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa cha amayi chija chinatha? Ine kuno thupi lili bwino, koma mumtima ndanyansidwa.

Tandiuzani, anakhazikitsa ndani lamulo loti timu ya madala ikaitana, munthu sakana? Kwathu konseko mumalitenga ngati linatsika kumwamba. Dzulo ndaona pafoni pepala lolengeza mpira wa pachikondwerero cha tauni yathu. Pamwamba pali dzina la a Žampach, omwe ankasewera timu imodzi ndi bambo, m'zilembo zikuluzikulu, ndi chithunzi chija akumwetsa chigoli chawo chotchuka. Pansi angolemba kuti "ndi anzawo ena." Anzawo enawo ndi bambo athu. Munthu anatchinga kumbuyo mu ligi yaikulu unyamata wake wonse mpaka mawondo kutha, lero dzina lake lasowa malo papepala pomwe mowa ndi soseji zapeza malo.

Pachithunzipo bambo alipo, mukayang'anitsitsa: mwendo umodzi pakona ya chithunzicho. Ndi iwo analanda mpirawo n'kuupereka. Wojambula anawadula.

Kuchipatala kuno, komwe ndimaphunzitsa odwala kuyendanso, ndinatchula dzina la bambo kwa dokotala wina wa mafupa amene mpira amaukonda kuposa chakudya. Anakanda mutu, kenako anafunsa ngati si aja ankasewera kumbuyo kwa Žampach. Kutchuka kwathu n'komweko.

Ndinawaimbira bambo. Ndinawakumbutsa kuti bondo lakumanja lija latha, fupa likukhulana ndi fupa, ndipo akangogwanso kamodzi, ndodo sadzaisiyanso. Anangoseka. Akuti ndisawaphunzitse za bondo lomwe akhala nalo ine ndisanabadwe, digiri yandilowa m'mutu. Akutinso akapanda kupita kumbuyo kutchinga ndani, poti Žampach sabwerera kumbuyo ngakhale nyumba ikupsa. Ankanena monyadira, ndipo n'zimene zinandinyansa kwambiri.

Ndiye inu achimwene, amayi andiuza kuti ndinu amene mwawapakira polishi nsapato zampira. Mwaiwala mmene anavulalira pa mpira womwewu chaka chatha? A Žampach ali kalikiliki kusaina mayina pamalaya a ana, inu ndi ine tikukweza bambo masitepe ngati thumba la mbatata. Mwa okonza mpirawo palibe ngakhale mmodzi anabwera kudzawazonda. Ine sindinaphunzire zaka zonsezi kuti ndizikonza mawondo a makolo a eni, la bambo anga likuphwanyidwira chikho cha mowa.

Pempho langa ndi limodzi. Lachinayi la sabata ya chikondwereroyo muwakweze sitima yam'mawa, mubwere nawo kuno. Musawanamize, auzeni chilungamo. Ngati akufuna kukana, adzakane pamaso panga.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu a Jitka, kwa ana, ndi kwa azakhali a Libuše. Kwa bambonso, ngati akundilankhulabe.

Nditangodula foni ija ndinabwerera kwa dokotala uja. Wodwala wina anali atasintha tsiku lake la opaleshoni, malo anatseguka Lachisanu, mawa lake kuli mpira. Ndinalembetsa bambo opaleshoni ya bondo. Dzina lawo ndinalitchula lonse, Bohumil Šindelka, ndipo ndinaima pomwepo mpaka atalilemba pamwamba pa pepala.

Ndine mlongo wanu,
Šárka