Zidutswa za Nsalu pa Bala la Bambo

Azakhali okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Ine ndilipo, kusukulu ndikupita.

Bambo anatuluka m'chipatala. Chotupa cha khansa chija anachichotsa pamodzi ndi mbali ina ya chiwindi. Tsiku lotuluka, adokotala anauza mayi kuti bala lingalowe tizilombo msanga chifukwa bambo ali ndi shuga, anaonda kwambiri, ndiponso opaleshoni inatenga nthawi yaitali. Anati thupi likangotentha kapena bala likayamba mafinya, tibwerere. Mayi ankangogwedeza mutu. Ine ndinali nditanyamula chikwama.

Titafika kunyumba, bambo anayang'ana balalo pagalasi. Anati dokotalayo akanakhala wophunzira utelala kwa iwo, akanamuuza amasule ulusiwo ayambirenso kusoka. Anaseka okha.

Bandeji ya kuchipatala akuti imayabwa. Tsopano akumanga balalo ndi zidutswa za nsalu zotsala pamakina awo. Amayamba azisita, akuti simbi imapha chilichonse.

Amene ndimataya zidutswazo ndine. Poyamba zinkanyowa ndi timadzi tofiirira. Pano ndi mafinya achikasu, ndipo zikununkha. Cha dzulo chinali cha maluwa, chotsala pa diresi la kasitomala. Dzuwa likuswa mtengo, koma bambo afunda mabulangete, mano akugundana. Alendo akabwera amadzithira perefyumu, amakhala tsonga, n'kumwa zotsekemera zimene awabweretsera kuti asawakhumudwitse.

Ndinauza mayi. Anati bambo ako sakakamizika, ukuwadziwa. Ndinauza bambo. Anandifunsa ngati ndamaliza homuweki. Ndinati eya, n'kutuluka.

Sindikulira ayi, azakhali. Sindikumva kanthu kalikonse. M'kalasi ndimangoyang'ana bolodi, fungo lija lili m'manja ngakhale ndisambe ndi sopo.

Inu munawabereka kumsana bambowa, ndipo ndi inu nokha amene sakubwezerani mawu. Chonde aimbireni foni. Musawafunse kuti ali bwanji, anena kuti ali bwino. Ingowakalipirani, muwauze abwerere kuchipatala. Musadikire Lamlungu, tsiku lija mumawaimbira. Akafunsa wakuuzani ndani, nenani kuti ndine. Akwiye, palibe kanthu. Nsapato zawo ndapukuta kale, zili pakhomo.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa asuweni anga onse.

Ndine,
mwana wa mlongo wanu