Moto wa M'miyendo Yosamva

Lero zakwana zaka zinayi chitisiyireni, Bambo. Chithunzi chili pamwambachi anasankha ndi Amayi: mwaima pakhomo la shedi yanu, magalasi owotcherera ali pamphumi, mukuseka munthu amene sakuoneka. Cha panjinga ya olumala chija anachikana. Ati anthu akuoneni muli chiimire, monga anakupezerani iwo.

Munali mmisiri wa zitsulo, wanthabwala zosatha. Tili ana munkatikalipira tikatola chitsulo pansi mu shedi, mumvekere chitsulo chimada msanga koma chimakhala chikadatentha. Mutagwa padenga la fakitale n'kuthyoka msana, pakamwa panu sipanathyoke nawo. Madokotala a kafukufuku atabwera mu wodi kufuna ovulala msana oti aziwayeza, munavomera koyamba ndinu, mumvekere nanga nditanganidwa n'chiyani. Mmodzi wa iwo, dokotala wamkazi, ankakubayani ndi kasingano kuyambira pachifuwa kutsika m'munsi, akufunsa kuti, "Mukumva?" Akafika m'miyendo, inu munkayankha kuti mukumva bwino lomwe, makutu sanavulale. Wodi yonse inkafa ndi phwete.

Koma miyendo yosamva singano ija inkayaka moto. Munkati lero akuwotcherera m'mapazi, mawa akucheka m'mawondo, ndipo tikavundukula bulangete tinkapeza miyendo yozizira, yopanda ndi kachilonda komwe. Anthu anayamba kulankhula. Achimwene anu, atate athu aakulu, ankati mwendo wakufa suwawa, mukungofuna kunyengereredwa. Anzanu akuntchito ankati ndi maganizo chabe. Motowo munkaupirira, koma kukayikiridwa kunkakudyani. Tinkakuonani mukutembenuzira nkhope kukhoma alendo akatuluka, nthabwala zitatheratu.

Amayi sanafunepo umboni. Ankabwera ndi beseni la madzi ozizira ndi tawulo, n'kumanyowetsa mapazi amene ankadziwa bwino lomwe kuti madziwo sakuwamva. Inu munkapempha kuti akukwezereni pilo muzionerera. Munkati motowo sukuzima ayi, koma ukaona munthu akuthamanga ndi madzi mtima umakhalako pansi. Beseni lija mpaka lero siligwira ntchito ina. Mdzukulu wanu wamng'ono atafuna kusambitsiramo kagalu kake anakalipiridwa koopsa, mapeto ake analira onse awiri, iye ndi agogo ake.

Chimene chimatiwawa n'chakuti sunali motowo umene unakutengani. Chinali chilonda chobwera chifukwa chogonera malo amodzi, cham'munsi mwa msana, chimene chinadya mkati mwakachetechete osakupwetekani n'pang'ono pomwe, mpaka chinawononga magazi. Pamene panalibe kanthu thupi linkakuwa, pamene panali imfa linangoti duu. Amayi ankakutembenuzani mosatopa, manja mpaka kutupa, koma chilondacho chinayambira pansi pa khungu. Timawauza kuti ngakhale anamwino anachiona mochedwa. Amavomera ndi mutu, koma mtima wawo sukumva, ndipo amadzifunsabe.

Chaka chino dokotala uja anatiitana pamodzi ndi mabanja ena, kuchipatala komwe kuja ankakuyezerani. Anafotokoza kuti mitsempha ya mumsana ikavulala imatha kumatumiza uthenga wa ululu ku ubongo ngakhale mwendo usanakhudzidwe ndi kanthu, ndipo ambiri mwa amene anawayeza ankamva zomwe munkanena inuzo. Mankhwala othetseratu sanapezeke, Bambo, tisakunamizeni. Koma ati mawu anu aja a kuwotcherera ndi amene amafunsira nawo odwala atsopano ochita manyazi kunena, ndipo akawamva amamasuka. Atate aakulu anali pomwepo. Anavula chipewa n'kutuluka osatsanzika, ndipo tinakawapeza pakhonde akulira osadziletsa. Akuti muwakhululukire. Tinawalonjeza kuti tilemba, ndiye talemba.

Masiku ano Amayi amapita ku wodi ija Loweruka lililonse, kukaphunzitsa amayi anzawo kutembenuza odwala ndi kuyang'anitsitsa khungu. Sabata yatha bambo wina woyendetsa lole, wongovulala kumene, anawanong'oneza kuti mapazi ake akuyaka, koma akuopa kuuza akazi ake, angamuyese wamisala. Amayi sanachulutse mawu. Anangoti, "Ndamva, achimwene," n'kupita kukatunga madzi. Pobwera kunyumba anakhala pampando wanu nthawi yaitali, nsapato osavula.

Tikukusowani kwambiri, Bambo. Shedi ija ndi yotseka, ndipo tikadutsa pomwe ena akuwotcherera timacheukabe. Munafunsidwa kambirimbiri ngati mukumva. Lero mwamveka ndinu.

Usani mumtendere, poti motowo unazima. Ife sitidzakuiwalani.

Mkazi wanu, ana anu, achimwene anu ndi adzukulu.