Mabawuti Akana, Paipi Yapindika

Amake Luntha,

Musadabwe kuona galimoto itakhala pa njerwa pakhomo. Matayala akutsogolo amadyeka mbali imodzi, ndiye ndinaitana a Oliver amakanika kuti adzawongole. Koma mabawuti ake achita dzimbiri ndi matope a kuphiri aja, akukana kumasuka. Tathira parafini, kenako mafuta anu ophikira. Zakanika. A Oliver anati sipanala ikufunika paipi yaitali, ndiye tazula ija mumamangirirapo chingwe cha zovala. Yapindika. Bulauzi yanu yoyera ya Mvano yagwera mu oyilo, pepani, koma kumsana kokha.

Ndathamangira kutauni kukasaka wa gasi adzawotche mabawutiwo. Ku Mvano mupite pa kabaza, m'tchalitchimo mukakhale kumbuyo kwa onse. A Oliver akapempha hamala, nenani kuti tilibe.

Mabawuti okha ali bwinobwino, musadandaule.

Bambo a Luntha